Majekete Awiri Ofiira a pa Nyika

Bambo Ezron Zimba a kwa Mwase analankhula kamodzi kokha, ndipo sanakweze mawu. Anati Lamulungu lachiwiri la Julayi likadzapita mphunzitsi uja asanatumize thenga wodzafunsira mbeta, iwo adzalandira anthu a kwa Haswell Mtonga.

"Chaka chathunthu munthu akungokuperekeza pochoka kukwaya," anatero akuyang'ana mwana wawo Linah. "Kodi ndiwe njinga yophwa mpweya yoti azingoyenda nayo chokankha? Haswell ali ndi munda ku Chikomeni, ng'ombe zake tikuzidziwa, komwe anagona agogo ake tikukudziwa. Uyu wa ku Chipata, mawa boma likamusamutsa, tidzakufuna kuti?"

"Adada, a Danwell anati..."

"Anati chiyani?"

Vuto linali pomwepo. Danwell Sakala anali asananene kanthu. Munthu woima pamaso pa ana a sukulu tsiku ndi tsiku, mawu ake omveka mpaka kumsewu, akafika pamaso pa Linah lilime limamuthawa n'kuyamba kufotokoza za nyengo. Linah ankamukonda, ndipo sindibisa, ankamukonda mpaka kupsa naye mtima.

Chiyembekezo chake chinatsala pa chinthu chimodzi. Kwaya ya mpingo wawo inali itakonza ulendo wa ku Nyika pa tchuthi cha kumayambiriro kwa Julayi. Masiku atatu paphiri, kopanda adada, kopanda ana a sukulu. Linah anadziuza kuti ngati munthuyo sakalankhula kumeneko, ndiye kuti pakamwa pake anangoikirapo kudyera.

* * *

Chaka chimenecho cha 1994 salaula, zovala za kaunjika zija, inali itasefukira mumsika wa Lundazi, ndipo aliyense wopita ku Nyika anakasaka chofunda. M'mawa wonyamuka, Danwell anafika pa lole atavala jekete yofiira, yonenepa ngati pilo, kumsana kwake kuli chithunzi cha phiri loyera ndi munthu akutsetsereka ataponda timatabwa tiwiri.

"Amai Dorcas ogulitsa aja ati ili imodzi chabe mu Lundazi yonse," anauza Linah monyadira. "Ati kumaiko kwa azungu kumagwa madzi ouma oyela ngati ufa, ndiye anthu amakwela mapili kuti akatsetseleke chabe. Kulibe nchito ina, kutsetseleka chabe."

"Ndi zimene mwandisungira kuti mundiuze zimenezo?"

"Ayi, pali zina. Koma... kuzazizila maningi kumene tiyenda."

Asanamalize za kuzizirazo, njinga yamoto inaima pafupi. Anatsika Haswell Mtonga, woimba besi, atanyamula mtolo wa masaka a feteleza opanda kanthu oti anthu akhalire m'lole. Anali atavala jekete yofiira, yonenepa, kumsana phiri loyera ndi munthu wa timatabwa.

Lole yonse inafa ndi phwete. Amayi Dorcas anapeza majekete awiri ofanana m'belo imodzi, ndipo mwamuna aliyense anamulumbirira kuti yake ndi imodzi yokha.

"Manje tizadziwa bwanji mwamuna wa ndani ni uti?" anafuula Cathrine, wotayipa makalata ku boma, yemwe analowa kwaya mwezi womwe Danwell analowa. Ananena akuseka, koma maso ali pa Linah. Kenaka anasendera n'kupanga malo pafupi ndi iye. "Ba Danwell, bwelani munkhale apa."

Danwell, chitsiru cha ulemu, anakhala.

* * *

Kuzizira kwa kwa Mwase n'kwa masewera. Kuzizira kwa pa Nyika kumaluma makutu, kumalowa m'mano, kumachititsa munthu wamkulu kulankhula ngati akutafuna chimanga chokazinga. Tsiku lachiwiri anaimba ndi kupemphera m'nyumba ya alendo, nyimbo zikutuluka ndi utsi pakamwa. M'mawa wa tsiku lachitatu amuna anali m'chipinda chodyera, majekete atawapachika pamisomali pafupi ndi moto, akumwa tiyi. Mwadzidzidzi a Mathew, mtsogoleri wa kwaya, analowa akuwefuka.

"Tulukani muone! Fulumirani dzuwa lisanakwere!"

Aliyense anangotsomphola chofunda chomwe dzanja lake linapeza n'kuthamangira panja.

Phiri lonse linali mbuu! Chisanu chinali chitakuta udzu kuyambira pakhomo mpaka kudambo kumunsi, choyera ngati wina wamwaza ufa usiku wonse. Ukaponda, udzu umalira khwapu khwapu. Linah anatola tsamba, naliika palilime, n'kukuwa.

Anayambitsa ndi Haswell. Anatenga saka limodzi la feteleza, naliyala pamwamba pa chitunda, nakhalapo n'kudzikankha. Saka linauluka naye pa udzu woterera, besi yake ikumveka mpaka kutsidya. Posakhalitsa kwaya yonse inali pamasaka. Amayi a mabanja anaiwala zaka zawo, zitenje zikuuluka, ena akugubuduzika, ena akufika kumunsi chammbuyo. A Mathew anataya nsapato imodzi ndipo sanaifunenso mpaka masana.

"Tiyeni tiyese tiwili," anatero Danwell, osamuyang'ana Linah kumaso.

Linah anakhala kutsogolo, iye kumbuyo. Saka litayamba kuthamanga, manja a Danwell anamugwira m'chiuno, mwamphamvu, koyamba chidziwanireni. Mphepo inamutulutsa misozi. Anaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo atagwera pa udzu kumunsi sanafune kudzuka. Chikhala kuti phirilo linali lalitali kawiri, bwenzi atakondwa kawiri.

"Linah," anatero Danwell akupuma movutikira, dzanja lili pa zipi ya jekete. "Nifuna nikupatseni chinthu. Nakhala nikonzekela kuyambila..."

"Ba Danwell!" Anali Cathrine pamwamba pa chitunda, saka lili m'manja. "Ine niopa neka! Anzanga onse atsetseleka, ine chabe nasala. Bwelani munigwile!"

"Pitani," anatero Linah, pofuna kumuyesa.

Mtsikana akati pita, mwamuna wanzeru amakhala pansi. Danwell anapita.

* * *

Cathrine sanasankhe njira yomwe ena onse anadutsa. Anakokera saka kumbali yotsetsereka kwambiri, yoloza kudambo. Anatsika ngati mwala, iye akukuwa atatsamira pachifuwa cha Danwell, mpaka saka linadumpha kamtunda n'kuwataya. Danwell anagwera pa udzu. Cathrine anagwera m'madzi, thibu!

Anamuvuula milomo itachita bii, juzi yonse ili chonyowa, mano akugundana. Apa panalibe zachiphamaso, mtsikanayo anazizidwadi. Danwell sanaganize kawiri. Anavula jekete yofiira ija n'kumuveka, namutsekera zipi mpaka m'khosi, anthu onse akuona.

Linah anaima chapatali saka lili m'manja. Anadziwa kuti munthu wonyowa ayenera kufunditsidwa. Anadziwanso kuti kwawo kuno mwamuna saveka mkazi chovala chake pagulu popanda tanthauzo. Zinthu ziwirizi zinamenyana m'mutu mwake mpaka anasowa choti akwiyire. Chomwe chinamusokoneza kwambiri n'chakuti patapita kanthawi anaona Danwell akudzimenya pachipumi, nkhope itagwa ngati wataya chikwama.

"Munati mufuna kundipatsa chinthu," anamukumbutsa masana.

"Eee... manje chavuta pang'ono."

"Chavuta?"

"Chili... sichili na ine."

"Chabwino, a Ticha," anatero Linah. Sanamutchulepo choncho chiyambire.

* * *

Ananyamuka m'bandakucha wa Lachiwiri. Cathrine anakhala kutsogolo ndi dalaivala chifukwa ankatsokomola, jekete ikadali pathupi. Danwell anakhala pakona atakumbatira mawondo, ali ndi shati yokha. Linah anali ndi kajuzi kopyapyala, ndipo mphepo ya pa lole inamupyoza mpaka m'mafupa.

Haswell anamuyang'ana kwa nthawi, kenaka anavula jekete yake n'kumuika pamapewa.

"Yayi, a Mtonga, ndili bwino."

Haswell anamutchula mwaulemu ndi dzina la adada ake. "Mukunjenjemera, Nyazimba. Valani."

Akanakana kachiwiri. Koma anaponya diso kukona, napeza Danwell akuyang'ana, ndipo kamtima kobwezera kanamugwira. Analowetsa manja n'kutseka zipi mpaka m'khosi, monga momwe anaonera kudambo kuja. Kutentha kwa jeketeyo kunamugonetsa tulo.

Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, lole itaima pamsewu wa kwawo. Pansi pa mtengo wa mango panali amayi akusenda mtedza, pakati pawo ankhazi ake a Jemima, mlongo wa adada ake, amene pa nkhani za ukwati mawu awo ankalemera kuposa a mwini mwana. Haswell analumpha n'kumutsitsa. Linah anagwira zipi kuti avule.

"Sungani," anatero Haswell mokweza, kuti pamango pamveke. Kenaka ananong'ona. "Mukaone m'thumba lamkati."

A Jemima anaimirira, makoko a mtedza akuyoyoka pachitenje. Anayang'ana jekete, nayang'ana Haswell, n'kuika dzanja pakamwa. Nthungululu inamveka mudzi wonse.

"Chikole! Mwana wavala chikole cha a Mtonga! Yewo, adada, yewo chomene!"

"Ankhazi, ndi mphepo chabe! Ndimazizidwa!"

"Tonse tinazizidwapo, mwana wanga," anatero a Jemima akuvina. "Ndi mmene tinakwatiwira."

Lole inanyamuka. Pakona paja Danwell anali ataweramitsa mutu.

* * *

Zomwe Linah sanadziwe ndi izi. Danwell, podziwa kuti pakamwa pake n'posadalirika, anali atalemba kalata n'kuiika m'thumba lamkati la jekete yake. Cholinga chinali choti amuveke Linah jeketeyo paphiri, kalata ikalankhule yokha. Tsono anali ataveka mkazi wina, ndipo ankakhulupirira kuti mawu onse a mumtima mwake ali m'manja mwa Cathrine.

Lachinayi anapalasa njinga mpaka ku boma kukaitanitsa jekete. Cathrine sanatuluke, ati chimfine. Anangotumiza kapepala kudzera pazenera: "Ba Danwell, za m'thumba nazipeza. Sininali kuyembekezela. Tizaonana pa Sande."

Danwell anakawerenga katatu ataima padzuwa. Malume ake a Esau anali kale m'njira kuchokera ku Chipata kudzakhala thenga, ndipo m'kalata yowaitana iye anali atawalembera monyada kuti mtsikanayo sadzavuta kumudziwa, adzakhala atavala jekete yofiira.

* * *

Masiku anayi Linah sanaigwire jekete ija. Anaiponya pamwamba pa sutikesi, ndipo mawu a Haswell oti akaone m'thumba ndi omwe anamuletsa kuonamo. Loweruka m'mawa a Jemima analowa.

"Uipukute bwino. Mawa a kwa Mtonga akubwera kudzapemphera kuno, akufuna akuone utavala. Tikatuluka m'tchalitchi akhala pansi ndi adada ako."

Atatsala yekha, Linah anaikutumula mwaukali. M'thumba lamkati munalira pepala. Analitulutsa ndi zala ziwiri, atakonzeka kunyansidwa ndi mawu a Haswell. Koma zilembo zinali zopendekera kumanja, zoyera bwino, zomwe ankaziona sabata iliyonse pa mapepala a nyimbo za kwaya.

"Linah, pakamwa panga mukupadziwa, n'chifukwa chake ndalemba. Ndimakukondani kuyambira tsiku lomwe munandiseka nditaimba vesi yolakwika. Sindikufuna mkazi wina. Malume anga a Esau avomera kubwera Lamulungu likudzali. Ngati mukundifuna, mudzavale jekete iyi kutchalitchi, ndipo ndikadzangoiona ndidzawatumiza kwa adada anu tsiku lomwelo. Ngati simukundifuna, musadzavale, sindidzakuvutitsaninso. Ine, Danwell."

Anakhala pansi. Kalata ya Danwell m'jekete ya Haswell? Kodi Haswell anaiba? Nanga akanaiba, akanamuuza bwanji kuti aone m'thumba? Kodi Danwell anatuma mdani wake? Mutu unazungulira mpaka anakumbukira misomali ija pafupi ndi moto, ndi mmene amuna anatsompholera zofunda a Mathew atafuula. Anasinthanitsa! Yomwe inapita kwa Cathrine inali ya Haswell. Yomwe iye anavala, yomwe ankhazi anaiimbira nthungululu, inali ya Danwell.

Analira ndi kuseka nthawi imodzi, nathamangira kuseri kwa nkhokwe komwe a Jemima ankapeta.

"Ankhazi, jekete iyi si ya a Mtonga! Ndi ya a Danwell! Onani kalata!"

A Jemima anaika lichero pansi. Anaitenga kalata, naiwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedezeka, n'kuibweza.

"Anakuveka ndani?"

"A Mtonga, koma..."

"Pamaso pa ndani?"

"Ankhazi, mverani..."

"Chikole si nsalu, mwana wanga, chikole ndi dzanja lomwe lakuveka. Mudzi wonse unaona dzanja la Mtonga. Ukufuna adada ako akauze anthu kuti nthungululu ija inali yolakwika? Mphunzitsi wakoyo anaveka wake kuphiri, tamva kale. Bisa kapepalako."

Linah anapempha kuti apite kusukulu kwa Danwell, koma adada ake anati mtsikana woyembekezera alendo sayendayenda. Tsiku lonse anasinkhasinkha akusesa bwalo. Akavala, a kwa Mtonga adzati wavomera. Akapanda kuvala, Danwell adzati wakana, ndipo munthu uja akati sadzavutitsanso ndiye kuti sadzavutitsadi. Pomaliza anaganiza zovala. Adzapita molunjika kwa Danwell mapemphero asanayambe, adzatulutsa kalata pamaso pa malume ake, ndipo zonse zidzaongoka. Anaibweza m'thumba lamkati n'kupachika jekete kuseri kwa chitseko, napita kukatunga madzi.

* * *

Lamulungu kunacha kozizira. Linah anafika pabwalo la tchalitchi ali wofiira ngati tsabola, a Jemima ali pambali pake. Pansi pa mtengo wa bulugamu panaima amuna anayi a ku Chikomeni ndi Haswell. Atamuona anagwedeza mitu mokhutira, ndipo wamkulu wawo anapita kukagwira dzanja la Bambo Zimba ndi manja awiri.

Linah sanawayang'ane. Maso ake anali kumsewu.

Danwell anatulukira akukankha njinga, pambali pake bambo wamtali wa chipewa ndi ndodo. Linah anatuluka pakati pa anthu. Anaima poyera kuti aonekere bwino, namwetulira, nagwira kolala ya jekete ngati akunena kuti onani, ndavala.

Danwell anaima. Anayang'ana jekete, nayang'ana Haswell, nayang'ana manja a akuluakulu ogwirana aja. Nkhope yake inachita ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro. Apo m'pamene Linah anazindikira, mochedwa, kuti Danwell sakudziwa za kusinthana kuja. Kwa iye, Linah anali atavala jekete ya Haswell pamaso pa mpingo wonse.

"A Danwell!" anaitana, akuyamba kuyenda.

Wina anamupitirira. Cathrine, chimfine chija chitamuthera mwadzidzidzi, anatsika pa minibasi atavala jekete yofiira, padzanja pake pakunyezimira wotchi yachikazi yatsopano. Haswell ataiona wotchiyo anatsegula pakamwa osatsekanso, pakuti inali yomwe iye anaika m'thumba kuti aipeze Linah. Cathrine anapita molunjika kwa bambo wa chipewa uja n'kugwada mwaulemu wonse.

A Esau anayang'ana jekete yomwe inagwada patsogolo pawo, nayang'ana ina yomwe inaima pafupi ndi anthu a ku Chikomeni, ndipo anasankha yomwe inawapatsa ulemu.

"Ndiye apongozi athu awa?" anatero akuseka. "Wasankha bwino, mphwanga. Dzukani, mama."

"Malume, dikilani..." anayamba Danwell, lilime n'kumuthawa monga mwa masiku onse.

"Si iyeyo!" Linah anafuula, bwalo lonse n'kutembenuka. "Jekete ya a Danwell ndi iyi ndavalayi! Anasinthanitsa kuphiri! Kalata yawo ndili nayo, ndi iyi!"

Anatsegula zipi, napisa dzanja m'thumba lamkati. Zala zinafika pansi. Anapisa lakumanja, anapisa lakumanzere, nabwereranso lamkati mpaka kulitembenuza. Munalibe kanthu.

"Kalata yanji, Linah?" anafunsa adada ake, mawu ali pansi.

Linah anatembenuka. A Jemima anali ataima pakhomo la tchalitchi, nkhope ili phee, atakumbatira buku lawo la nyimbo pachifuwa ndi manja onse awiri. Pakati pa masamba ake panatulukira kansonga ka pepala loyera. Analikankhira mkati ndi chala chachikulu.

"Mwanayu sanagone bwino, achimwene," anatero a Jemima. "Tiyeni tilowe, belu lalira."